A Chigiriki ndi Phiri Lawo

Amuna anga ndi telala, amasokera pakhonde la nyumba yathu, ndipo manja awo sindingawadandaule. Chondipweteka mutu ine ndi Chigiriki. Anachiphunzira okha m'buku long'ambika chikuto limene anagula m'mbali mwa msewu, ndipo limakhalira pa makina, pansi pa sizasi. Munthu akabwera kudzatenga thalauza lake amabwerera ndi phunziro, thalauzalo lisanapindidwe n'komwe. Mumsewu wathu wonse amawatchula kuti a Chigiriki, iwo n'kumayesa ulemu.

Chaka chatha mwana wathu wamkazi anataya khanda lake, ndipo anabwerera kudzakhala nafe. Kutchalitchi anasiya, kudya n'kochita kumukakamiza. Bambo ake amamukonda mwanayu, koma akapita kuchipinda kwake ankangoima pakhomo n'kufunsa ngati zenera likutsekeka bwino.

Abusa atawapatsa mpata wolalikira koyamba, anasankha ulaliki wa Yesu wa paphiri, pamene pali mawu otonthoza olira.

"Mayi, zimene zikundikanika kumuuza m'nyumba muno ndikamuuzira paguwa," anatero. "Inu mungobwera naye."

Ndinamunyengerera mwanayo mpaka anavomera. Tinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Amuna anga anawerenga vesi loyamba, loti Yesu anakwera phiri, n'kuvula magalasi. Ndinadziwiratu kuti zavuta, chifukwa kavulidwe kameneko ndimakadziwa.

"Abale, phiri pa Chigiriki ndi oros. Likhoza kukhala phiri lalikulu, likhoza kukhala chitunda chabe. Ndipo dzinali si lachimuna, si lachikazi."

"Ameni!" anayankha mayi wina amene anali atayamba kale kusinza.

Anapitiriza kuti ukafuna kunena chinthu cha phiri umati orous, ndipo mapiri akachuluka mawuwo amasinthanso. Ndinatsokomola, ndinawalozera mwana ndi maso, ndinakweza ndi chikwama chomwe m'mwamba, koma ndinangolemba m'madzi. Kundiona anandiona bwinobwino. Anamuyang'ananso mwana wawo, kenaka anathawira ku oros wawo yemweyo. Ndinapsa mtima mpaka thukuta kamukamu.

Kutchalitchi kwathu mlaliki akatalikitsa, mkulu wa mpingo amakodola akwaya kuti ayambe nyimbo. Anawakodoladi. Amuna anga anatsika paguwa Yesu asanatsegule n'komwe pakamwa.

Kunyumba ndinawakalipira zokwana. Iwo anangokhala pa makina, jekete osavula, akulimbana ndi ulusi wokana kulowa pasingano. Kenaka mwana uja anatuluka kuchipinda n'kudzaima pambali pawo.

"Ababa, za phiri ndamva. Nanga atafika pamwambapo anati chiyani?"

Iwo anangopitiriza kulimbana ndi ulusi uja. Iye anawalanda singano ija n'kulowetsa ulusi, kenaka anakoka mpando n'kukhala pomwepo kudikira.