Ndinatsokomola M'malo mwa Alamu Anga

Bodza ili limandichititsabe manyazi. Nthawi ya nkhondo, anesi ankayendera nyumba za m'dera lathu la Mabvuku kufufuza odwala chifuwa chachikulu. Ife tinkasunga alamu anga othawa nkhondo kuchokera ku Tete, opanda chitupa. Tsiku lina anesi atafika kwathu, ndinabisa alamuwo kuseri kwa katani poopa kuti akawaneneza kwa apolisi.

"Alipo akutsokomola muno?" anafunsa anesi.

"Palibe, mayi."

Pomwepo alamu anatsokomola. Nanenso ndinayamba kutsokomola mwamphamvu, ndikudziguguda pachifuwa mpaka misozi mbwembwembwe.

"Mayi," anatero anesi modekha, "chifuwa chanucho chili ndi mawu achimuna. Atulutseni alandire mankhwala. Zitupa si ntchito yanga."

Alamu anachira. Ndakalamba tsopano, koma akandiona amafunsabe, "Alamu, chifuwa chija mukupeza bwanji?"