Mzere Umene Ndimasiyira Ojambula

Munda wanga uli m'mbali mwa mtsinje, chakumunsi kwa Nathenje, ekala imodzi ndi kachidutswa. Amuna anga pomwalira anandisiyira mundawu ndi ana anayi, basi. Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa masiku atatu osapumira, chimanga chitangoyamba kumasula ngayaye. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinakapeza mtsinje utadutsa pakati pa munda ngati msewu wake. Kumtunda chimanga chonse chinali chitagona, mitu kuloza kumodzi. Kumunsi kunalibe ndi phesi lomwe looneka, mchenga wokhawokha wofika m'mawondo.

Ndinalira, sindibisa. Koma ndinalira khasu lili m'manja, chifukwa chimanga chogona chikadzutsidwa msanga chimapulumuka, chikakhalitsa m'matope chimawola. Masiku anayi ndinkadzutsa phesi limodzilimodzi n'kulibandira dothi, msana mpaka kukana. Kumchenga kuja ndinaunga mizere yatsopano. Ndinakwera kabaza kupita ku Mitundu kwa achemwali anga kukatenga kholowa, n'kudzabzala mbatata chinyezi chisanathawe.

Munda woyandikana nane ndi wa alamu anga, akulu awo a malemuwo. Iwo sanakhudze kalikonse. Ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuima pachulu manja kumbuyo, kundiyang'ana ndikulimbana ndi matope.

"Mlamu, mukuthamangira kuti?" anatero tsiku lina. "Dikirani olemba adutse kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinawayankha kuti nkhono ilibe ana anayi. Anaseka, n'kubwerera kwawo.

Olembawo anafika patatha masabata awiri: mlangizi wa zaulimi, bambo wodekha wovala jombo zatsopano, ndi amayi awiri a komiti ya m'mudzi. Tonse tinali titamva kuti amene minda yawo yawonongeka theka kapena kuposa apatsidwa mbewu ya chimanga chocha msanga ndi feteleza, kuti alime kudimba m'chilimwe. Ine ndinkaifuna mbewu imeneyo ndi mtima wonse. Feteleza wanga anali atapita ndi madzi, ndipo popanda dimba ndinkadziwa kuti chakudya sichitifikitsa ku dzinja.

Ndinawatsatira kuti ndione mmene amayezera tsoka la munthu. Panyumba ankafunsa ngati yagwa yonse, yagwa khoma limodzi kapena yangong'aluka, n'kuyeza ndi ndodo pamene madzi anasiya mkwasa wa matope pakhoma. Kumunda alangiziwo ankazungulira malire foni ili m'manja, foniyo n'kunena kukula kwa munda. Kenako ankasankha malo atatu, kuponda mapazi khumi motsata mzere, n'kuwerenga mapesi amene aimirira. Pomaliza ankajambula chithunzi n'kulemba chimodzi mwa zitatu: kota, theka kapena wonse.

Kwa alamu anga sanavutike n'kuwerenga. Munda unali kununkha, chimanga chitawolerana pansi. Anajambula mbali zonse zinayi n'kulemba wonse. Theka la chimanga chimenecho likanadzuka likanapeza mwini wake, ndipo onse anali pamenepo ankadziwa.

Kwanga anaponda mapazi awo khumi, n'kupeza mapesi ambiri ali chilili. Ankaimirira chifukwa cha manja angawa, koma foni sifunsa kuti wakudzutsa ndani. Atafika kumunsi anaona mizere yowongoka, mbatata itagwira ikuphuka masamba, n'kundiyamikira kuti ndine mlimi wachitsanzo. Analemba kota.

Mtima unandiwira. Ndinawauza kuti asasunthe, ndinatenga khasu n'kukumba pakati pa mizere iwiri. Ndinakumba mpaka m'mawondo, ndinatulutsa phesi lakuda lowola, kenako lina, kenako lina, n'kuwaponyera pajombo zawo zatsopanozo. Ndinawafunsa ngati chimenecho chinali chinangwa. Ndinawafunsa kumene anali masabata awiri onsewo, komanso ngati ankafuna kuti ndizikhala pachulu kudikira foni yawo pamene chimanga cha ana anga chikuwola.

Alangiziwo sanali munthu woipa, ndivomere. Anawerama n'kuyang'anitsitsa mapesiwo.

"Mayi, ndikuona ndithu," anatero. "Koma kuofesi akaona chithunzi cha munda wonse, osati dzenje. Ndikalemba theka, chithunzi chikanditsutsa."

Apa mmodzi wa amayi a komiti aja, mnzanga wa kutchalitchi, anandikokera pambali. Anandinong'oneza kuti ndizule kholowa yense, tisalaze mizereyo, alangizi ajambule mchenga, mawa ndidzabzalenso. Anati ena achita zomwezo kumtunda ndipo palibe wafa nazo. Alangiziwo anayang'ana kumbali ngati sakumva, ndipo ndinadziwa kuti akanalola.

Ndinaima pamenepo ndithu, ndikuganiza za thumba la feteleza. Koma mbatata yogwira kale ukaizula nthaka itayamba kuuma, yambiri sibwerera. Ndikanapha mbewu yamoyo ndi manja anga kuti ndioneke wovutika mokwanira. Mtsinje unali utandilanda kale gawo lake, ndipo sindinaone chifukwa chouthandizira kumaliza. Ndinawauza kuti alembe kota yawoyo, koma mbatata yanga asaiponde potuluka.

Dzina langa silinatuluke. Alamu anga analandira mbewu ndi feteleza, dimba lawo linabiriwira, ndipo sindinawapemphe ngakhale chisononkho. Ife chimanga chodzutsa chija chinatha mu Okotobala. Mbatata tinaidya yophika, yowotcha, ina tinaitema n'kuiyanika padenga, mpaka ana anaida. Pofika Januwale tinkadya kamodzi patsiku, ine ndikupalira m'minda ya anthu. Mwana wanga wamkazi wamkulu anandifunsa tsiku lina kuti bwanji sindinangozula kholowa uja. Zinandipweteka kwambiri.

Patapita zaka ziwiri mtsinje unabweranso. Minda yambiri m'mbali mwathu inakhala chigonere kudikira olemba, chifukwa anthu anali ataphunzira. Ine ndinalawira ndi khasu monga kale. Ndinadzutsa munda wonse, koma mzere umodzi wa m'mphepete mwa njira ndinausiya dala kuti uwole. Tsiku lililonse ndikaudutsa mtima unkandipweteka, poti chinali chimanga chabwino.

Anabwera alangizi omwe aja, jombo zitatha. Anaima pamzerewo, n'kuyang'ana munda wonse woimirira, n'kundifunsa kuti apa ndinaiwala kapena bwanji.

"Sindinaiwale," ndinatero. "Umenewo ndi wanu, jambulani. Mizere ina yonseyi ndi ya ana anga."

Anajambula, n'kulembanso kota. Ine ndinabwerera kumene ndinasiya khasu.