Munatseka njira zonse ziwiri pa Domwe

Achimwene, lero nkhungu yaphimba phiri la Domwe ngati m'mawa uja, nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, tikukwera kukadula nsungwi. Ine ndinkatsalira chifukwa mapazi anachita dzanzi ndi chisanu. Munati, "Uzibwera pang'onopang'ono, Nabanda. Pamphambano ndikakutsekera njira yolakwika ndi nthambi." Nditafika, ndinapeza mwatseka njira zonse ziwiri. Ndinagwira masamba ake kuti nditsimikize, onse anali aawisi. Ndinaitana mpaka mawu anasasa, kenako ndinabwerera kumudzi ndekha. Inu simunabwerenso.

Mpaka lero sindimvetsa. Kodi munaona asilikali kutsogolo n'kufuna kuti ndibwerere, kapena ndinayenera kulumpha nthambi imodzi n'kukutsatirani? Ana anu akandifunsa kumene kuli manda anu, ndimangowalozera phirilo.