Tinawaveka Diresi Lachikasu

Ndinadzuka kusanache, phewa litachita dzanzi chifukwa chogonera simenti. M'nyumba ya malemu akulu anga, ba Esnati, mipando yonse inali itatulutsidwa, ndipo azimayi anagona mothithikana pamphasa ndi pamasaka, aliyense atadzikulunga m'chitenje. Nyimbo za usiku zinali zitatha, koma mayi wina pakona ankang'ung'udzabe maso ali chitsekere, ngati akugoneka khanda. Sindinadziwe ngati ali m'tulo kapena ali maso.

Panja panali chisanu cha mwezi wa Juni. Utsi wa mbaula unali utakhazikika pamwamba pa malata a komboni ya George, moti nyumba zapafupi zinkaoneka ngati zikuyandama. Azibambo anazungulira chikuni pansi pa tenti yobwereka, manja ali m'khwapa. Ambiri mwa iwo anali atachotsedwa ntchito ku mafakitale, choncho panalibe wothamangira basi. Kuseri kwa nyumba atsikana ankasonkha moto pansi pa mgolo wodula pakati, ena akuduladula kabichi. Nyemba zinkabwera m'timbale, khomo lililonse kambale kake, pakuti masiku amenewo panalibe amene akanatha kupereka thumba lathunthu.

Ba Esnati anali telala. Anasoka zaka zambiri pakhonde lawo mpaka pamene salaula inadzaza misika, zovala zakale zochokera kunja zimene munthu amasankha pamulu. Matelala ena anagulitsa makina awo. Iwo ayi. Ankagula madiresi akuluakulu a pamuluwo, kuwasomola ulusi wonse, n'kuwadulanso molingana ndi thupi la munthu wa kuno. Ankati chovala cha pamulu chimakumbukabe mwini wake woyamba, ndiye chimafunika kuchiiwalitsa.

Dzuwa litatuluka, amayi a mpingo anabwera ndi yunifolomu yoti tikawaveke ku mochale, bulauzi loyera ndi siketi yakuda. Amalume athu ochokera ku Katete anavomereza pomwepo. Koma m'chikwama changa munali chinthu china. Akudwala, ba Esnati anandionetsa diresi lachikasu la manja otambalala, limene anasoka ndi makatani a hotela ina itatsekedwa. Anali asanalivalepo.

"Ukanivalike iyi, Tisa," anandiuza tsiku limenelo. "Sinifuna kukafika kumwamba monga munthu wamene ali pa mzere wogula unga wa nsima."

Ine ndine munthu wamanyazi, ndipo ndinali ndisanatsutsepo wamkulu pagulu. Komabe ndinagwada pamaso pa mtsogoleri wa amayiwo, mayi wokalamba wa magalasi omanga ndi ulusi, n'kutulutsa diresilo. Linawala m'chipinda chamdimacho ngati wina watsegula zenera.

"Mwana wanga, munthu wa Mulungu amapita ndi yunifolomu yake," anatero.

"Amayi, ananiuza okha ni pakamwa pawo. Nikalephera lero, sinizakapezanso tsiku lina."

Amalume anayang'ana kumbali. Mayi uja anatenga diresilo, n'kulitembenuza kunsi, n'kuyendetsa chala pamsoko kuyambira m'khosi mpaka kumpendero. Anatenga nthawi yaitali. Kenako anagwira kolala ya bulauzi lake lomwe, n'kunena motsitsa kuti nalonso anasoka ndi Esnati. Analamula kuti tiwaveke lachikasulo, kumutu duku loyera la mpingo, ndipo yunifolomu iyende yopinda pamwamba pa bokosi.

Pamene tinkatuluka m'tchalitchi, anthu anali atachuluka kuposa mmene tinkayembekezera. Ena anayenda pansi kuchokera ku Matero, ena ku Kanyama. Pa mwambo woona nkhope ndinaimirira pambali pa bokosi, ndipo m'malo mwa nkhope za anthu, maso anga ankagwera pa zovala zawo. Ndinazindikira matumba opendekeka amene akulu anga ankakonda, ndi mabatani okutidwa ndi nsalu. Bambo wina anavala suti ya safari imene inali itamukulira chifukwa cha kuonda, koma anaisita mpaka mizere kuima. Mayi wina atasuzumira m'bokosi n'kuona chikasu chija, anayamba wamwetulira, kenako analira mpaka anzake kumugwira.

Tinapita ku manda a Chingwere pa malole awiri, ena akutsatira wapansi. Mphepo inanyamula fumbi lofiira, ndipo nyimbo ya pa lole yakutsogolo inkatifika modukaduka, mawu ena akutayika m'njira. Ogulitsa makala m'mbali mwa msewu anavula zipewa. Ndinali ndisanadye, ndipo zonse ndinkaziona ngati zili kutali, zitenje zikuuluzika, mitengo yopanda masamba ikudutsa pang'onopang'ono. Dothi loyamba litagwa pabokosi ndi pamene ndinamva kuti miyendo yanga ndi yangadi, ndipo ndinakhala pansi pafumbipo.

Madzulo anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, n'kumabalalika. Tenti inapasulidwa. Amalume anapita kukagona kwa achibale ena. Ndinatsala ndekha ndikusesa phulusa pabwalo pamene mtsikana wina wachilendo anafika, thukuta lili pamphumi, akumwetulira.

"Odi! Ba Esnati alipo? Nabwera kuyesa diresi langa. Ukwati ni pa Chiwelu."

Anaona phulusa, anaona maso anga, ndipo kumwetulira kunazima. Anali atapita kumudzi kukatenga agogo ake, uthenga sunamupeze. Anakhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope.

Ndinalowa kuchipinda kumene tinatsekera katundu. Diresi loyera linali lopachikidwa kuseri kwa chitseko, dzanja limodzi losoka, lina longogwiridwa ndi mapini, mizere ya choko ikuonekabe m'chiuno. Ine kusoka ndimadziwa pang'ono chabe, zimene ndinatola pokhala pafupi nawo. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, fungo la utsi lili m'makoma.

Kenako ndinayatsa nyali, ndinavundukula makina, ndipo ndinamuitana.

"Lowani, mama. Valani tione pamene anasiyira."