Khoma la a Mabwinja

Ana a sukulu ankawatcha a Mabwinja, ndipo iwo ankadziwa koma analibe nazo ntchito. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale, wamtali, wa jekete imodzi yomwe m'matumba mwake munkakhala choko chokhachokha. Chaka chilichonse akafika pa mutu wa mzinda wakale wa m'dziko loyandikana nalo, ankapukuta bolodi lonse n'kuyamba kujambula khoma lake: miyala yosanjikizana popanda dothi, khomo lopapatiza kumanzere, nsanja yozungulira kumbuyo. Ankajambula mwala umodziumodzi mpaka belu kulira. Komatu khomalo anali asanalionepo. Ankalidziwira pa chithunzi chimodzi cha m'buku lothothoka chikuto.

Ukalamba suuza munthu. Maso awo anayamba kuchita nkhungu, ndipo adokotala anawauza mosapsatira mawu kuti sizidzabwereranso mwakale. Kusukulu sanauze aliyense. Anangoyamba kulemba zilembo zikuluzikulu, ana n'kumaseka kuti achikulire akulembera anthu odutsa mumsewu. Choncho tsiku limene a hedi analengeza kuti kalasi yomaliza ikaona mabwinja a mzindawo, operekeza n'kukhala iwo ndi madamu a masamu, anabwerera kunyumba akuyenda ngati mnyamata.

"Mukalionetsetsetu, bambo," anatero akazi awo akusita jekete ija. "Mwatitopetsa nalo khoma lanulo."

Basi inayenda ulendo wautali, ana akuimba mpaka mawu kusasa. Anawoloka malire, anagona m'kalasi ya sukulu ina, ndipo m'mawa mwake anafika pachipata cha mabwinja. Akufola pamzere, mnyamata wina wodwala mphumu anakhala pansi mwadzidzidzi, akupuma movutikira, maso ali tong'o. Fumbi la m'njira linali litamupweteka.

"Madamu, lowani nawo anawa," anatero a Mabwinja akumunyamula. "Ndingomuthamangitsira kuchipatala, ndikupezani komweko."

Kuchipatala nthawi ili ndi mayendedwe akeake. Anadikira pabenchi, kenako anamwino anamugoneka mnyamatayo n'kumuveka chopumira kumphuno. Atayamba kupuma bwino, a Mabwinja anayang'ana kukhomo. Mwanayo anagwira nsonga ya jekete yawo.

"Aphunzitsi, musandisiye. Kuno sindidziwa munthu."

Anakhalanso pansi. Mtima unali kuchipata kuja, koma dzanja la mwanalo sanalichotse.

Pamene ankabwerera dzuwa linali litapendeka, ana ali kale m'basi, mlonda akukhoma loko. Anachonderera, mpaka kuvula chipewa.

"Tatseka, achikulire. Mubwere mawa."

Mawa lake linali la kubwerera kwawo mbandakucha. A Mabwinja anagwira waya wa mpanda n'kutong'ola maso. Pakati pa mitengo panali chinthu chotuwa, kaya khoma kaya thanthwe chabe. M'basi ana anawaunjikira ndi mafoni: "Taonani, aphunzitsi, taonani!" Anayandikiza foni imodzi pamphuno n'kunena kuti, "Eya, ndi lomweli." Sanaone kanthu. Zinawapweteka kwambiri, koma kunyumba anangouza akazi awo kuti ulendo unali wabwino.

Sabata yotsatira anati abwereze mutuwo mayeso asanafike. Anapukuta bolodi n'kuyamba monga mwa masiku onse, dzanja likudziwa lokha njira. Atafika pa khomo lopapatiza lija, mtsikana wina kutsogolo anakweza mkono mwamanyazi.

"Pepani aphunzitsi, khomolo lili kumanja. Tinalowera pomwepo."

Kalasi yonse inavomereza chapansipansi. Chithunzi cha m'buku lija anachisindikiza chotembenuka, ndipo zaka zonsezi a Mabwinja ankamanga khoma lawo chotembenuka chomwecho. Palibe anaseka. Mnyamata wa mphumu uja, amene ankakhala kumbuyo, anaweramitsa mutu padesiki.

A Mabwinja anatembenukira ku bolodi, choko chili m'manja. Kenako anatenga chofufutira n'kugwetsa khoma lonse, mwala umodziumodzi monga analimangira.

"Bwera ujambule iweyo, mwana wanga. Iwe unakaliona."

Anamupatsa choko, n'kuyenda pakati pa madesiki mpaka kumbuyo, kukakhala pafupi ndi mnyamata uja. Kuchokera pamenepo bolodi linali nkhungu yokhayokha. Ankangomva choko chikukwecha.

"Usalire," anamunong'oneza. "Iwe ndi ine tikulionera limodzi lero. Akafika pa khomo undiuze."