Pepala Lakuda la Kompyuta ya ku Parishi

Ndikukumbukira kompyuta yoyamba imene ndinaigwira, ku parishi ya kwathu kumapiri a Dedza, zaka zija sukulu itangokhala yaulere, m'kalasi tikuthithikana ngati mbatata m'thumba. Inabwera m'katoni limodzi ndi zovala za kaunjika, yotuwa, yokalamba kale, ikununkha fumbi la kwina. Abambo mfumu anaiika m'kachipinda ka mabuku, n'kutilola ana asanu ndi mmodzi kuti tiziiyatsa Loweruka jenereta ikamalira. Tinkadzitcha kalabu, ngakhale chimene tinkachidziwa bwino chinali kukanganirana mpando.

M'kati mwake munali masewera a kamunthu kokumba mgodi. Kankadumpha miyala, kutola nyale, mpaka kufika pa chitseko chachitsulo. Pamenepo makina ankaima n'kufunsa nambala ya pa pepala lachinsinsi, mzere wakuti, bokosi lakuti. Ukalakwa katatu, ankakubweza poyambira. Chitseko chimenecho chinandisowetsa mtendere. Ngakhale popalira nyemba ndinkangoganiza kuti kuseri kwake kuli chiyani.

Pepalalo tinali nalo, koma la fotokope, lakuda bii. Aphunzitsi athu a Kamwendo anatifotokozera kuti kampani yopanga masewerawo inkasindikiza dala manambala pa pepala lofiira kwambiri, kuti wopanga fotokope angopeza mdima wokhawokha. Ndinadabwa zedi. Munthu n'kuphika ndiwo bwinobwino, kenako n'kumatira chivundikiro ndi dothi?

Anatithandiza ndi Esinati, mnzanga wa maso akuthwa. Iye anatulukira kuti m'mawa wa Juni, nkhungu ikangoyalula, ukapendeketsa pepalalo padzuwa manambala ankanyezimira pang'ono. Ankaima panja milomo itang'ambika ndi chisanu n'kumatiwerengera, ife tikulemba m'kope zala zitauma. Tinapeza mizere isanu ndi iwiri. Tsoka lake, pa chitseko chija makina ankafunsa mizere ya kumunsi yokha, kumene inki inachita kuundana.

Tinalembera kampaniyo kalata, a Kamwendo akuwongola Chingerezi chathu. Yankho linafika chimanga chitakhwima kale: iwo anasiya kuthandiza anthu a makina amenewo, tigule atsopano. Zinandiwawa mpaka misozi. Esinati anangopinda kalatayo n'kunena kuti, "Anthu awa ngoumira ngati atsibweni anga. Chimanga chingachite kufumbwa m'nkhokwe, koma osakupatsako olo kalichero." Chaka chomwecho iye anasiya sukulu, ndipo kalabu inathera pomwepo.

Masiku ano ndili m'gulu la pa intaneti la anthu okonda makompyuta akale, azibambo ndi azimayi aimvi amene amatha tsiku lonse akukangana za mawaya. Masewera aja akuyenda ngakhale pafoni. Mkulu wina wa m'gululi anaika chithunzi cha pepala lenileni lofiira, manambala onse akuoneka mbee. Sabata isanathe, amene anagula dzina la kampani ija analamula kuti achichotse, chonsecho masewerawo sagulitsanso. Makina asintha, koma mtima woumira udakali womwewo. Mwamwayi ine ndinali nditachisunga kale.

Chitsekocho sindinachitsegulebe. Ndinaimbira foni Esinati ku Lobi, kumene amalima mbatata ya kachewere, n'kumuuza kuti mizere ya kumunsi ija ndili nayo. Pafonipo pankamveka mphepo ya kumunda. Kenako anati, "Iwe, usayerekeze kulowamo wekha. Ndikumbe kaye mbatatayi, ndikubwera."

Ndiye ndikumudikira.