Chaka Chimene Mawu Anga Anasasa

Ine Mulungu sanandipatse nkhope yoti anthu n'kucheukira, koma kukhosi anandipatsa mosaumira. Kumpingo kwathu ku Nangongwe ndine ndinkayambitsa nyimbo pagulu la amayi, kaya pa ukwati kaya pa maliro. Udindowu anandisiyira mayi wina wachikulire, wamasiye wa mkulu wina wa kunjanji, amene tonse timangowatchula kuti ba mayo. Pakamwa pawo m'pakuthwa ngati lumo. Tsiku limene anandisiyira malo awo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, nyimbo ya pa malilo yanga uzayambisa ndiwe. Sinifuna tumau twa udzudzu." Ndinalonjeza uku ndikuseka.

Kenako kunabwera chaka chimene ndinayamba kunenepa. Kwathu kuno kunenepa si matenda, ndi mbiri yabwino. Kumsika azimayi ankandiimitsa n'kuyamikira kunenepako: "Mwaina, amake mwana! Ba bambo bakusungani bwino!" Amuna anga, amene malipiro awo a kufakitale sanasinthe ngakhale pang'ono, ankalandira ulemuwo ndi manja awiri.

Koma ine ndinkadziwa kuti nshima sindinawonjezere. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndili m'juzi. Ndinkasinza masanasana ndikusankha nyemba, tsitsi n'kumatsalira m'chipeso. Zonsezo ndikanapirira, koma mawu anasasa. Lachinayi lina pamsonkhano wa amayi ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambitse nyimbo, chimene chinatuluka chinali kulira kwa chule wa kumtsinje. Mayi wina wachitsikana wa ku Estates anaitola nyimboyo msanga, ndipo kuyambira tsikulo woyambitsa anakhala iyeyo. Amaimba bwino, ndisamunamizire, koma zinandiwawa zedi. Nthawi yomweyo ba mayo anali atayamba kudwaladwala, miyendo itatupa. Ndinasiya kukawaona poopa kuti angandiuze kuti ndiimbe.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandikokera kuchipatala. Dokotala, mayi wamng'ono thupi, anandigwiragwira pakhosi, n'kundiuza kuti ndimeze malovu. Kenako anati apime magazi kuti aone chithokomiro, kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi kamene kamauza thupi lonse liwiro loyendera. Magaziwo anapita ku Lusaka. Zotsatira zitabwera ndinaona mizere iwiri. Pa TSH nambala inali itadumpha malire n'kupita kutali, pa T4 inali pansi. Ine ndinakula ndikudziwa kuti mamakisi ambiri ndiwo abwino, ndiye ndinafunsa kuti, "So kumozi napasa, ba dokota?"

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ba mami, mumakwela minibasi pa steshoni. Baja banyamata boitanila, ba ng'wang'wazi, bamakuwa maningi liti? Basi ikazula olo ikankala ilibe bantu?"

Ndinati ikakhala yopanda anthu.

"Ndiye TSH ni ng'wang'wazi. Ichokela ku mutu, ikuwila chithokomilo kuti chisebenze. T4 ndiye mapasenja. Imwe basi yanu ilibe bantu, ndiye chifukwa chake akuwa so."

Ndinamva nthawi yomweyo. Ndalera ana ine, ndikudziwa kuti munthu umakweza mawu pamene wotumidwayo wangokhala phwii.

Anandipatsa timapiritsi toti ndizimwa kamodzi m'mawa uliwonse ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu, tiyi adikire kaye. Apa ndiye panali nkhondo, chifukwa ine popanda tiyi sindipatsa munthu moni. Amuna anga ankamwa wawo mochita kupsontha, ine ndikuwayang'ana ndi diso loipa. Koma pang'onopang'ono juzi inabwerera m'sutikesi, tulo ta masana tinatha, thupi linayamba kuphwa, ndipo kumsika anayamba kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere.

Titapimitsanso magazi, pepala anayamba kuliona ndi amuna anga. Iwo amadziwa kuti magazi akatsika ndiye kuti zinthu zavuta. Ndinangoona nkhope yagwa. "Amake mwana, iyi TSH yagwa maningi. Tibwelele ku chipatala."

Ndinawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa mwamatama ndithu, ngati sukulu ya udokotala ndinapitako. "Basi yazula, atate bake. Ng'wang'wazi wankala zii."

Iwo anati ndiye mapiritsi ndisiye, poti ndachira. Zimenezo dokotala anali atandichenjeza kale: anthu amene adzaza m'basimo akubwera ndi piritsilo, ndikangosiya basi ikhalanso yopanda munthu. Ndimamwabe mpaka lero, ndipo sindidandaula.

Mawu ndiwo anachedwa kubwerera. Ndinkawayesa kubafa, ndinkawayesa pochapa, motsitsa kuti aneba asamve. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinangozindikira kuti ndafika kumapeto kwa vesi osatsokomola. Madzulo ake ndinagula nsomba zouma n'kupita kwa ba mayo.

Ndinawapeza pakhonde, miyendo ili pa kampando. "Wabwela kuona ngati nafa?" anatero, nsomba osaziyang'ana n'komwe.

Ndinaima pabwalo pomwepo n'kuyambitsa nyimbo yawo ija. Anatsinzina. Nditamaliza anatsegula maso n'kundiyang'ana.

"Mau yaseluka pang'ono," anatero potsiriza, "koma ni yako. Manje ningafe."

"Musatamange, ba mayo."

Ndipo sanathamangedi, akadalipo. Pagulu la amayi tsopano timasinthana ndi mnzanga wa ku Estates uja, iye za ukwati, ine za maliro, zoyenera mawu anga otsikawa. Koma Lachinayi lililonse tikaweruka ndimadzera pakhonde paja kukayeserera nyimbo ya pa maliro awo, eniake akundikonza pamene ndathamanga. Tikamaliza amanditumiza kukatereka tiyi.